Botolo Lakuda la pa Mjigo wa Kalungula

Sajeni Thelma Miti anafika m'mudzi wa Kalungula Lachitatu m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwawa. Anaimika njinga yamoto pafupi ndi mjigo watsopano, koma sanamve phokoso limene limamveka pa mjigo uliwonse nthawi ngati imeneyo. Chogwirira cha mjigowo chinali chomangidwa ndi tcheni, loko wamkulu akulendewera. Zigubu zachikasu zinali pamzere zopanda madzi, eni ake atakhala pansi pa mtengo wa mango.

Mjigowo unakumbidwa ndi bungwe lina la kunja lothandiza pa za madzi abwino ndi ukhondo, matenda otsegula m'mimba atavuta kwambiri m'dzinja lapitalo. Bungwelo linaphunzitsa mayi mmodzi wa m'mudzimo, Ketrina Njobvu, kusamala ndi kukonza mjigowo. Linasiyanso lamulo lakuti madzi aziyezedwa mvula isanayambe. Mlangizi wa bungwelo, mnyamata wa ku Rufunsa dzina lake Eugene Daka, anabwera Lolemba m'mawa kudzatunga madzi oyeza, ndipo anati adzabweranso Lachitatu masana pamodzi ndi mlendo wochokera ku likulu lawo kudzaona zotsatira. Madzi akapezeka oipa, mjigo unayenera kutsekedwa mpaka akatswiri a ku Lusaka atabwera, kaya ndi mwezi uti.

Amene anakadandaula ku polisi anali Ketrina mwiniwake. Anayenda pansi mpaka ku Chinyunyu kukapempha kuti amufufuze, chifukwa mudzi wonse unali kunena kuti iye ndiye anaipitsa madzi pamene anatsegula mutu wa mjigo Loweruka kuti apake girizi. Komiti ya madzi inali itagwirizana kale kuti imuchotsa ntchito pamaso pa alendowo. Pa zaka khumi ndi ziwiri za ntchito yake, Thelma anali asanaonepo munthu wodzibweretsa yekha chotero, ndipo nchifukwa chake anadzuka m'mamawa.

Ketrina anamulandira m'khitchini yake ya udzu, yopanda chitseko. Anali mayi wamfupi, wa manja olimba, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga malangizo. Anatsitsa dengu la makoko a chimanga limene linali pa thandala pamwamba pa mafuwa, natulutsamo mabotolo awiri aang'ono ngati a mankhwala a chifuwa. Anafotokoza kuti botolo lililonse limabwera ndi kapepala ka mankhwala m'kati. Ukathiramo madzi amasanduka achikasu, ndipo umalisunga pofunda ndi pamdima masiku awiri. Likakhalabe lachikasu, madziwo ndi abwino. Likada, muli tizilombo tochokera ku zonyansa za anthu kapena ziweto.

Botolo lomangidwa ulusi woyera linali la madzi a ku mtsinje kumene anthu ankatunga kale. Lomangidwa ulusi wofiira linali la pa mjigo. Onse awiri anali akuda ngati makala.

Thelma anafunsa kuti anada liti. Ketrina anati la ku mtsinje linayamba kuda Lachiwiri madzulo, ndipo zimenezo sizinadabwitse aliyense, pakuti ng'ombe zimamwera komweko. Koma la pa mjigo analipeza litada kale Lolemba lomwelo, atangobwera kuchokera kudimba.

"Ndinachoka pano teni awazi, ndinabwera fifitini awazi, dzuwa litapendeka," anatero. "Nditaligwira linali lofunda ngati tiyi wa mwana. Moto ndinali nditazima, ba Sajeni. Linzakelo silinali lofunda."

Iye sanabise. Analitenga nthawi yomweyo kukaonetsa wapampando wa komiti, a Kingsford Sakala. Iwo anangoliyang'ana nalibweza, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi tcheni.

Thelma anakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, malo okhawo amene foni inkagwira, naimbira Eugene. Mnyamatayo anayankha ali m'galimoto. Atamva za maolawo anaseka, nati mwina mayiwo asokoneza masiku. Tizilombo timafuna nthawi kuti tiswane. Ngakhale madzi a m'chimbudzi sangadetse botolo pa maola asanu okha. Chimene chimadetsa kapepalako, anatero, ndi mpweya umene tizilomboto timatulutsa, wonunkha ngati dzira lowola. Thelma anafunsa ngati panali mabotolo ena m'mudzimo. Eugene anati anasiya anayi osagwiritsa ntchito m'katoni kwa wapampando.

"Koma ba Sajeni, ine ndidzalemba chimene ndidzaone," anawonjezera. "Tili pa Chongwe manje. Thwelofu awazi tafika."

Thelma anayang'ana wotchi yake. Inali itangokwana naini koloko.

* * *

Amayi a pansi pa mango anali ndi woganiziridwa wachiwiri, ndipo anamutchula onse pamodzi. Anali Silas Mbewe, amene mjigo usanabwere ankatunga madzi ku mtsinje pa njinga nkumagulitsa kwa eni timagolosale ta pa msewu. Mjigo unamulanda malonda, ndipo Lolemba anthu anamuona akulowa m'khitchini ya Ketrina.

Thelma anamupeza pakhomo pake akuchapa matewera m'beseni, uku akuimba nyimbo ya kwaya. Ataona yunifomu sanachite mantha. Anapukuta manja pa buluku, namupatsa mpando, nafunsa ngati boma layamba kutumiza apolisi kudzaona ana obadwa kumene.

Anavomera kuti analowadi m'khitchinimo cha m'ma teni koloko, Ketrina atangochoka. Ankafuna sipanala yomangira gudumu la njinga, ndipo aliyense m'mudzimo ankadziwa msomali umene sipanalayo inkakhalapo. Anavomeranso kuti anasuzumira m'dengu, poti anali atamva za mabotolo odziwa kuloza madzi oipa. Onse awiri anali achikasu ngati fanta. Njingayo sanamalize nkuikonza komwe, chifukwa mkazi wake anayamba kumva kupweteka, ndipo pofika leveni koloko anali ali m'minibasi yopita ku chipatala cha ku Mpanshya. Anabwerako Lachiwiri madzulo. Analowa m'nyumba natulutsa makadi awiri a sikelo, tsiku lobadwa litalembedwa pa onse awiri.

"Mapasa, ba Sajeni. Amuna okhaokha," anatero akumwetulira mpaka m'makutu. "Manje muone matewera awa. Ine ndingatseketse mjigo? Munthu amene akulira kwambiri ndi tcheni uja ndine. Dzulo ndapita ku mtsinje katatu, ndipo palibe wondilipira."

Thelma anamuyamikira chifukwa cha mphatsoyo, nafunsa ngati anakumana ndi wina aliyense potuluka kwa Ketrina. Silas anati anakumana ndi a Sakala pa kanjira, atanyamula buku lawo loyendera zimbudzi. Anawapatsa moni, koma iwo anangogwedeza mutu. Zinamudabwitsa, chifukwa a Sakala sankalola munthu kudutsa osamufunsa ngati chimbudzi chake chili ndi chivundikiro.

Anaganiza pang'ono, kenako anati ali pa siteji kudikira minibasi anawaonanso akuwoloka msewu waukulu mothamanga, kulowera ku kasupe.

* * *

Kasupe wa madzi otentha anali mtunda pang'ono kuchokera pa msewu wopita ku Chipata. Apaulendo ankaima pamenepo kudzajambulitsa ndi kuviika mazira m'madzi, ndipo amayi ankagulitsa tomato, nthochi ndi mazirawo pa timatebulo ta mitengo. Wamkulu wa onse anali Rosina Mwale, mayi wonenepa wa mawu omveka kutali. Anati palibe munthu amapita ku kasupe osadutsa pa tebulo lake, ndipo palibe amadutsa pa tebulo lake iye osadziwa chimene wanyamula.

Za a Sakala anazikumbukira bwino. Anadutsa Lolemba dzuwa lili pamutu. Anawafunsa kumene akupita, iwo nati akukaphika mazira.

"Mazira ati? Kwa ine sanagule, kwa mnzanga uyu sanagule, m'manja munalibe pulasitiki," anatero Rosina. "Ndinawauza kuti ba Tcheya, kapena mwayamba kuikira nokha?"

Amayi a pa matebulo ena anaseka. Rosina anapitiriza kunena kuti bambowo sanaime m'munsi mmene anthu amasamba, koma anakwera mpaka pa diso la kasupe, pamene madzi amatuluka akufuka nthunzi. Anagwada pamenepo atafulatira. Kenako anakuwa ngati walumidwa ndi chinkhanira, nadumpha akukupiza dzanja. Pobwerera anadutsa kuseri kwa matebulo, dzanja lili m'khwapa.

Thelma anagula tomato wa mulu umodzi, nayenda yekha mpaka pa disolo. Madzi anali oyera kwambiri, miyala ya pansi ikuoneka yonse. Anawerama kuti ayese ndi nsonga ya chala, koma asanakhudze nkomwe, nthunzi inamuwomba kumaso. Anakhala akulidziwa fungo limenelo chibadwire, monga aliyense wa ku Chinyunyu, mwakuti mphuno yake inali itasiya kulilabadira. Tsiku limenelo analimva ngati koyamba. Linali fungo la dzira lowola.

Anaimirira msanga. Wotchi inati leveni koloko yadutsa.

* * *

Nyumba ya a Kingsford Sakala inali pamwamba pang'ono pa mjigo, ndipo pakati pa nyumbayo ndi mjigo panali khola la mbuzi. Mwini wake anali bambo wamtali wa imvi, amene kale ankagwira ntchito yoyeza chimanga pa depoti. Ngakhale kunali kotentha chotero, anavala jekete lakuda lomanga mabatani onse. Pa khoma la pabalaza panali masatifiketi atatu a maphunziro a za ukhondo, onse m'mafelemu.

Anapereka moni ndi dzanja lamanzere, napepesa. Zala zitatu za kumanja zinali zokulungidwa ndi kansalu. Anati anapsa ndi mbaula.

Analankhula nthawi yaitali asanafunsidwe. Anati iye monga wapampando anamva chisoni chachikulu. Kuti Mayi Njobvu ndi munthu wabwino koma ntchito ya zitsulo ndi yovuta. Kuti ku maphunziro a ku Rufunsa anaphunzira kuti moyo wa anthu ndiwo woyamba. Thelma anamvetsera mwaulemu, akuyang'ana thukuta limene linali kutsika m'khosi mwa bambowo. Anaonanso kuti dzanja lawo lamanzere linkabwerera kawirikawiri pa thumba la m'kati mwa jekete.

Anapempha kuona katoni ya Eugene. A Sakala anachedwa kuipeza, ngakhale inali pansi pa tebulo. Munali mabotolo atatu.

Anati mwina mnyamatayo sanawerenge bwino. Thelma anavomera kuti achinyamata amalakwitsa, natenga botolo limodzi, nati pali kanthu kakang'ono kamene akufuna kuyesa, ndipo sikangakhale ndi ulemu wapampando palibe. A Sakala anafunsa kuti kuti.

"Ku kasupe, atate," anatero Thelma. "Kumene munakaphika mazira."

Panthawi yomweyo kunja kunamveka hutala. Galimoto yoyera ya bungwe inali itaima pa mjigo.

* * *

Anapita onse wapansi: Thelma patsogolo, Eugene ndi faelo yake, mlendo wa ku likulu amene anali mayi wa chipewa chachikulu wodziwa mawu awiri okha, "zikomo" ndi "bwino", Ketrina, a Sakala, ndi pambuyo pawo amayi onse a pansi pa mango. Rosina anasiyira mnzake tebulo nalowa m'gulumo. Ngakhale Silas anabwera, thewera lili pa phewa.

Thelma anabwereka chikho chachitali cha Rosina kuti asapse. Anatunga pa diso penipeni, nathira m'botolo latsopanolo pamaso pa onse, nalitseka, naliika pa mwala. Anapempha Eugene kuti ayang'ane wotchi.

Poyamba madziwo anali achikasu. Kenako kapepala ka m'kati kanayamba kuchita imvi m'mbali, ngati nsalu yogwira utsi. Anthu anasendera pafupi. Mphindi khumi zisanathe, botolo lonse linali lakuda, lofanana ndendende ndi la ulusi wofiira limene Ketrina anagwira m'manja.

Eugene anavula magalasi nawapukuta. Anati m'madzi otentha chotero simungakhale tizilombo ta m'mimba, koma kasupeyo ali ndi mpweya wa sulufule wochokera pansi pa nthaka, womwewo umene kapepalako kamafunafuna. Anamasulira mlendo uja m'Chingerezi, ndipo mayiyo anati "bwino", natulutsa foni kujambula.

Thelma sanakweze mawu. Anangonena zimene anapeza motsatana: botolo lofunda m'khitchini yopanda moto, katoni yoperewera botolo limodzi, ulusi umene aliyense angamasule nkumanga pena, ndi zala zitatu zimene sizinapse ndi mbaula. Atatha anatembenukira kwa wapampando nadikira.

A Sakala anakhala pa mwala.  Kenako anaulula kuti chinawadetsa nkhawa ndi khola la mbuzi. Eugene anawauza katatu kuti alisunthe chifukwa lili pamwamba pa mjigo, iwo nkumazengereza. Madzi atatungidwa Lolemba anagwidwa ndi mantha kuti botolo lida, ndipo alendo adzaloza khola la wapampando. Choncho anatenga botolo lina, nakalidzaza ku kasupe, nasinthanitsa.

"Ku maphunziro anatiuza kuti madzi owiritsa ndiwo abwino koposa," anatero motsitsa mawu. "Ndinati awa anawiritsa Mulungu mwini, usana ndi usiku, kuyambira makolo athu asanabadwe. Madzi ophika dzira angasiye kachilombo kamoyo? Ndimafuna kuti mudzi upambane."

Rosina ndiye anayamba kuseka, ndipo ena onse anatsatira, ngakhale Eugene anabisa nkhope m'faelo. Ketrina yekha sanaseke. Anafunsa chifukwa chimene anakhalira chete pamene iye anawabweretsera botolo lakudalo, ndiponso pamene komiti inagwirizana zomuchotsa. A Sakala anati manyazi anawamanga pakamwa, ndipo tsiku lililonse limene linadutsa linawonjezera mfundo.

Thelma anafunsa kumene anataya botolo lenileni la pa mjigo.

Sanalitaye. Anati analephera kulitaya, analepheranso kuliyang'ana. Analiika m'thumba la jekete Lolemba lomwelo, ndipo sanavule jeketelo kuopa kuti akazi awo angalipeze pochapa. Anamasula mabatani ndi dzanja lamanzere, nalitulutsa atatsinzina, nalipereka m'mwamba ngati munthu wopereka khosi.

Linali lachikasu ngati fanta, dzuwa likuwala m'kati mwake.

Amayi anaimba nthungululu. Eugene anati m'thumba la munthu ndi malo abwino kwambiri osungira botolo lotere, pofunda ndi pamdima, mwakuti wapampando anagwira ntchitoyo mwaluso osadziwa. Komabe sakanatha kulemba zotsatira za botolo limene linasowa masiku awiri. Anayenera kutunga madzi ena. Koma panalibenso chifukwa chotsekera mjigo, bola anthu apitirize kuthira klorini m'zigubu zawo, ndipo khola lichoke sabata isanathe.

Thelma anatengera Ketrina pambali namufunsa ngati akufuna kuti nkhaniyi ipite patsogolo, pakuti dzina lake ndilo linaipitsidwa. Ketrina anaganiza, nati bambo wa zala zopsa sangathandize kanthu m'chitokosi, pamene kuno kuli khola lofuna kusuntha. Chimene ankafuna chinali chimodzi: mawu amene ananenedwa pa mjigo akabwezedwe pa mjigo pomwepo.

Anabwerera onse kumudzi. A Sakala anaima pa simenti ya mjigo, natsegula loko ndi dzanja lamanzere, nanena momveka kuti Mayi Ketrina Njobvu sanalakwe kanthu, ndipo wolakwa ndi iwo. Rosina anati kumbuyo sanamve, ndipo a Sakala anabwerezanso. Amayi amene dzulo lake ankamulozera zala Ketrina anayamba kumuitana kuti "ba injiniya", ena akuyang'ana pansi.

Ketrina anasendera pa mjigo. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, napopa madzi kwa kanthawi kuti oyamba atayike, nadzaza botolo latsopano limene Eugene anamupatsa, osakhudza kukamwa kwake. Analitseka, nalikulunga m'mphepete mwa chitenje, nalimanga m'chiuno ndi mfundo ziwiri.

A Sakala anasendera pafupi, jekete lili pa mkono, malaya atanyowa ndi thukuta. Anafunsa mwaulemu ngati wapampando angaloledwe kudzaliona mawa, kungoliona chabe.

"Lachisanu, ba Tcheya," anatero Ketrina. "Pano pa mjigo, pamodzi ndi anthu onse."